Thiransifa ndi Manda Awiri a ku Nathenje

Takhalani pansi inu, katunduyo sathawa. Chisomo, leka kulimbana ndi chikwamacho, zipi yake inafa agogo ako aamuna akali moyo, ungochimanga ndi luzi. Ndipo ubwereze zija wanena m'mawa uli pakhomo, mano onse pamtunda. Wati chiyani? Wati agogo alandira thiransifa. Ndakumva bwinobwino. Chimene chinafa pa ine ndi mawondo, makutuwa akali amoyo.

Ine Chingerezi sindichidziwa. Sukulu ndinangoilawa, ndinaisiya ndisanathe kulemba dzina langa mowongoka. Koma liwu limenelo, ana inu, ndimalidziwa kuposa nonsenu ndi mafoni anuwo. Ndadya nalo, ndagona nalo, ndalisenza pamutu. Tsono popeza mawa bambo anu akubwera ndi galimoto kudzanditenga kuti ndizikakhala m'tauni pafupi ndi chipatala, ndikuuzeni chimene chandikhala pamtima zaka zonsezi. Muli ndi azakhali anu amene simuwadziwa. Dzina lawo ndi Esinala, mwana wanga woyamba. Anagona kumanda a eni, kumudzi wina uko ku Nathenje, ndipo pamene anagonapo palibe dzina, palibe mtanda, palibe chiliza. Ndikachoka pano osakuuzani, ndiye kuti mwana wanga watayika kachiwiri.

Agogo anu aamuna anabwera kuno ku Mitundu ali mnyamata, mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale, ndi njinga yakuda ndi malaya awiri oyera. Anthu sankawatchula dzina, ankangoti aphunzitsi, ndipo inenso ndinazolowera choncho mpaka tsiku lowaika. Kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi, mukudziwa. Koma mphunzitsi angakhale bwanji pachikamwini, pomwe miyendo yake ili m'manja mwa boma? Atsibweni anga anakambirana ndi akwawo, nalola kuti nditengedwe, ndizimutsata mwamuna wanga kumene ntchito yamuponya. Amayi anga analira tsiku limenelo. Ine ndinkaona ngati mwayi, ndinkati ndikaona dziko.

Patangotha miyezi yochepa, tsiku lina aphunzitsi anabwera masana atagwira envulopu yakhaki, nati thiransifa yafika. Ine ndinathamanga kukasesa pabwalo ndi kutulutsa mpando, ndimayesa ndi bwana wina wochokera ku ofesi. Seka, Takondwa, seka, iwenso tsiku lina udzasekedwa ndi adzukulu ako. Anandifotokozera kuti ndi kalata yoti tisamuke, tipite kusukulu ina cha ku Nathenje. Sabata isanathe, lole ya boma inaima pakhomo. Tinakwezamo mtondo ndi minsi yake, mbaula, mtsuko umene anandiumbira amayi, nkhuku zitatu m'chitatanga, bedi lachitsulo, ndi simbi yamakala imene ndinkasitira malaya awiri aja. Mtsukowo unasweka tisanafike n'komwe.

Kuyambira pamenepo liwu limeneli ndinkakumana nalo paliponse, ngati chisoso m'munda. Kumpingo, munthu ukasamuka, sungangofika kwina n'kukhala pa mgonero. Amafuna kalata ya thiransifa yochokera kumene unali, yonena kuti ndiwe mkhristu wabwino, sunathawe mlandu. Mwana wa sukulu naye akamachoka, aphunzitsi ankamulembera yake, apo ayi kumene akupitako akamubweza. Masiku ano ndiye lafalikira ngati chimfine. Ukakwera minibasi, itatsala ndi anthu atatu, kondakitala amakutsitsani panjira n'kukukankhirani m'ina, ati thiransifa, ngati ndinu matumba a chimanga. Bambo anu akamamvera mpira pawailesi, ndimamva kuti uje wapita timu ina pa thiransifa, ndipo amuna akuluakulu amakangana mpaka kutukwanizana. Inu mumayandikizitsa mafoni anu ngati nkhunda zikudyetsana, ati tikupanga thiransifa nyimbo. Zonsezo n'zopepuka. Nyimbo ikapita kwa mnzako, kwa iwenso imatsala. Thiransifa imene ndikuidziwa ine, ukapita wapita, ndipo chimene wasiya m'mbuyo wachisiya.

Sukulu imene tinapitako sinali pamsewu waukulu pamene pamaima maminibasi lero. Inali mkati, kupyola dambo, ulendo wa maola awiri wapansi. Nyumba ya aphunzitsi inali ya njerwa, koma denga lake, mvula ikamagwa, tinkatchera mabeseni m'chipinda monse. Ndinali mlendo, wopanda munda, wopanda mbale, ndili ndi pakati. Amene ananditola ndi mayi wina wa m'mudzi woyandikana ndi sukuluyo, Nachisale. Anali wamsinkhu wanga, wakuda bii, wamwano pang'ono, woseka ndi thupi lonse. Tsiku loyamba anandipeza pachitsime ndikulephera kudzitwika ndowa, ananditwika, nandiperekeza mpaka pakhomo, akundinena njira yonse kuti akazi a aphunzitsi manja awo ndi a sopo. Mawa lake anabwera ndi nsengwa ya mfutso. Mkuja wake anandidulira ndime kudimba kwake, nati ndibzale mpiru, munthu sadya choko.

Nachisale sanali wa mpingo wathu. Kwawo anali anthu a mwambo wa makolo, ndipo amayi ena a kumpingo ankandinong'oneza kuti ndisamayende naye. Koma tsiku limene ndinachira Esinala, amene anandigwira msana ndi Nachisale, osati iwo. Naye patapita miyezi iwiri anachira mwana wamkazi, namutcha Lekeleni. Ana awiriwo anakulira pamphasa imodzi. Ndikapita kuchigayo, chimene chinali kutali kwambiri masiku amenewo, Esinala ankayamwa kwa Nachisale. Iye akapita kukasoka fodya kuchigafa, Lekeleni ankagona kumsana kwanga. Tinkasinja limodzi, minsi iwiri mumtondo umodzi, tiwanato tikutola mphale pansi n'kumadya ndi dothi lomwe. Chigumu ndikaphika, ankagawana chidutswa chimodzi, ndipo Esinala, amene anali wadyera ngati Chisomo apa, ankayamba waluma mbali ya mnzake.

Anali mwana wolankhula msanga. Pofika zaka zitatu ankaima pazenera la kalasi ya bambo ake n'kumabwereza zimene ana akuluakulu akuimba, osadziwa n'komwe tanthauzo lake. Anali ndi kampata pamano apa. Chithunzi chake ndilibe. Wojambula ankabwera kamodzi pachaka ndi njinga, ndipo chaka chimenecho tinati tidikire mwana akuleko.

Chikuku chinalowa m'mudzi nthawi ya dzinja, mvula ili pakati, chimanga chitangomasula. Inu simuchidziwa chikuku, munabayidwa katemera muli makanda, mumangoona timakhadi tanu tija. Nthawi imeneyo chikalowa m'mudzi chinkayenda khomo ndi khomo. Anayamba ndi Lekeleni, patapita masiku awiri Esinala: thupi moto, maso ofiira, chifuwa chouma, kenaka totupa thupi lonse. Nachisale anamusunga wake m'nyumba monga ankachitira akuluakulu. Ine, mkazi wa mphunzitsi, ndinabereka wanga kupita ku kachipatala kakang'ono kamene kanali kutsidya kwa dambo. Dokotala wa pamenepo anali munthu wabwino. Anamuyeza, anamumvetsera pachifuwa nthawi yaitali, nandiuza kuti nthendayo yalowa m'mapapo, pamenepo alibe zomuthandizira. Analemba kapepala nandipatsa, nati iyi ndi thiransifa, mwana apite kuchipatala chachikulu m'tauni lero lomwe.

Kapepala kanali m'manja, koma kapepala kalibe mateyala. Galimoto sikanatha kulowa kumeneko ndi matope aja. Aphunzitsi anabwereka ngolo, ngolo inatitimira padambo mpaka ng'ombe zinagwada. Tinatsika, tinayenda wapansi, ine mwana kumsana, iwo atatifunditsa jekete yawo. Tinafika pamsewu dzuwa lili paliwombo, tinaima pansi pa mtengo kudikira basi. Masiku amenewo basi inali imodzi m'mawa, ina madzulo, osati za lerozi zoti ukangotukula dzanja zitatu zaima. Ndinkamva mpweya wake pakhosi panga apa, wotentha, wofulumira. Kenaka ndinangomva kuti kumsana kwalemera mwa mtundu wina. Ndinaimabe choncho, ndikumugwedeza, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikangomumasula ndiye kuti zatheka. Basi inabwera, inaima, kondakitala anatsika kuti atithandize katundu. Aphunzitsi anasuzumira pansi pa jekete, nauza kondakitalayo kuti apite, sitikweranso.

Tikulowa m'mudzi madzulo, tinapeza anthu atakhala chete pakhomo pa Nachisale. Lekeleni anali atapita m'mawa womwewo, ife tili padambo.

Mungafunse kuti bwanji sitinabwere naye kuno kwathu. Mitsinje inali yodzaza, uthenga sukanafika msanga, ndipo akuluakulu a m'mudzimo anati maliro a chikuku sagonekedwa ndipo sayenda mtunda, amaikidwa msanga kuti nthenda isapitirire. Anatinso pamaliro otere salira mokweza. Anatichitira chifundo, anati mwana wa aphunzitsi ndi mwana wathu, wamwa madzi athu, agone ndi mnzake. Mabokosi panalibe nthawi yokhoma. Nachisale anali ndi mphasa yatsopano imene anali asanagonerepo. Anaidula pakati, theka kwa Lekeleni, theka kwa Esinala. M'mawa mwake anakumba timanda tiwiri moyandikana, pansi pa mtengo wa muwanga. Ife amayi awiri anatifunditsa nsalu kumutu mpaka kumaso, amayi achikulire atatigwira uku ndi uku, akutiuza kuti tilume mano. Ine ndinkaona mapazi anga okha ndi matope. Ndinamva makasu, ndinamva dothi likugwa, koma sindinatukule maso. Mumtima ndinkati ndidzabwera tsiku lina ndili ndekha ndi Nachisale, adzandionetse, ndi kwawo kuno.

Sipanathe masabata awiri, envulopu yakhaki inafika. Ku Dowa. Lole inabwera m'mawa anthu ali kumunda. Dalaivala anali wachangu, ankati mvula ikamupeza satulukanso. Ndinathamangira kunyumba kwa Nachisale, ndinapeza chitseko chotseka ndi mpiringidzo, atapita kukapalira. Ndikanatha kumutsatira, mundawo ndinkaudziwa. Koma lole inkaliza hutala, aphunzitsi ankandiitana, ndipo ine ndinabwerera n'kukwera. Ndinachoka osatsazika munthu amene anadula mphasa yake chifukwa cha mwana wanga. Chimenecho chandichititsa manyazi moyo wanga wonse.

Zaka zotsatira ndinazikhala ngati nkhuku ya pamsika, mwendo uli pachingwe. Dowa, Mchinji, Ntchisi, kubwereranso Dowa. Bambo anu anabadwira kwina, anayambira sukulu kwina, anamalizira kwina. Amati mlendo ndi mame, ndipo ife tinalidi mame. Ndinaleka kubzala mitengo. Kamodzi kokha ndinabzala mango pakhomo, ndinawathirira zaka zinayi, ndipo chaka chimene anachita maluwa ndi chimene lole inabwera. Ndinalekanso kukondana kwambiri ndi anthu. Mayi akandibweretsera ndiwo ndinkathokoza, ndinkabweza mbale ili ndi kanthu, koma mtima ndinkausunga m'chikwama pamodzi ndi zovala. Ndipo kulikonse kumene tinali, mvula ikayamba kugwa yamphamvu, ndinkaganiza za kamtumbira kaja kuti kakukokoloka. Ndinkatukwana boma chamumtima. Ndinkati anthu a m'maofesi alibe ana, sakanadikira ngakhale mwezi kuti munthu alire?

Aphunzitsi dzina la Esinala sankalitchula. Ndikayamba nkhaniyo ankadzuka, ati akukonzekera phunziro la mawa. Anali munthu wolemba chilichonse, tsiku limene mvula yayamba, tsiku limene nkhuku yaswa, zonse m'kabuku. Koma ndikati tipiteko tchuthi chino, ankati chaka chamawa. Zengerezu analinda kwawukwawu, ana inu, ndipo zengerezuyo tinali awiri.

Atapuma ntchito tinabwerera kuno ku Mitundu, tinamanga nyumba ino pamalo a amayi anga. Apa ndiye sindinganamizire boma. Kuchoka pano kukafika ku Nathenje si ulendo woti munthu n'kugona panjira. Anyamata a njinga zamoto amadutsa njira yachidule n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. Koma ine ndinkaopa. Ndinkati ndikafika bwanji pamaso pa Nachisale? Ndikati ndinali kuti zaka zonsezi? Amayi ogulitsa tomato ochokera cha kumeneko ndinkawaona pamsika wa pa Mitundu, ndinkagula kwa ena, kuopa kuti angandizindikire.

Aphunzitsi anadwala miyezi isanu ndi umodzi. Tsiku lina masana ndikuwasambitsa miyendo pakhonde lomweli, anangoyamba okha, maso ali kubwalo.

"Nambewe, thiransifa ya ku Dowa ija boma silinatithamangitse. Ndinakaipempha ndine."

Ndinasiya mwendo wawo m'beseni. Anati pazenera la kalasi yawo pankaoneka mitengo ya kumanda, ndipo akati alembe pabolodi ankangoima choko chili m'manja, maso ali kumitengoko, ana n'kumaseka. Anati tsiku lachitatu anakwera njinga mpaka ku ofesi, anagwada pamaso pa bwana, napempha kuti awatumize kulikonse kumene kuli kutali. Sanandifunse chifukwa ankadziwa kuti ndikana. Ndinakwiya, ana inu, sindikubisirani. Ndinawasiya pomwepo miyendo ili m'madzi, ndinapita kuseri kwa nkhokwe, ndinalira kulira kumene ndinakumeza zaka makumi anayi. Munthu ndagona naye mphasa imodzi, akundimva ndikutukwana anthu osalakwa, iye phee. Koma nditabwerako ndinawapeza akuyesa kudzipukuta okha, akulephera kuwerama, ndipo ndinatenga thaulo n'kuwapukuta. Ndinawafunsa kuti nanga mwana anagona mbali iti, kum'mawa kapena kumadzulo. Anati iwo tsiku lija sanaone kanthu, misozi inatseka maso, koma ndisadandaule, Nachisale akudziwa, ndi mudzi wawo.

Pamaliro awo munalipo, munali ang'ono. Mnzawo wina wa ntchito, polankhula, anati aphunzitsi alandira thiransifa yomaliza, yopanda lole. Anthu anasekako pang'ono monga amachitira pofuna kupepuza mtima. Ine sindinaseke.

Chaka chatha, titakolola, ndinawaitana bambo anu n'kuwauza zonse. Anandidandaula kuti bwanji ndinawabisira kuti anali ndi mlongo wawo. Anagula simenti, anakalembetsa dzina pa kachitsulo, napeza mmisiri. Ine ndinadzilimbitsa mtima, ndinapita kwa mmodzi wa amayi a tomato aja, ndinamufunsa. Anati Nachisale alipo, wakalamba, diso limodzi linafa. Anandiuzanso Loweruka limene mudzi wonse ukalambule kumanda, paja kumanda kwa eni sulowa wekha ngati kumunda, umadikira tsiku lotere kapena kupempha eni ake.

Tinafika m'mawa. Sukulu ija sindinaizindikire, ili ndi malata obiriwira ndi mpanda. Anthu anali atalowa kale kumanda ndi makasu ndi zikwanje. Bambo anu anakambirana ndi akuluakulu, natilola. Muwanga uja ulipo, wakula kuti anthu awiri sangaukumbatire. Pansi pake ndinaona mayi wowerama ngati chikwakwa, akuzula udzu ndi manja. Ndinagwada chapatali, ndinaomba m'manja. Anatembenuka, anandiyang'ana ndi diso lamoyolo nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti anditukwane, ndipo akanatero ndikanapepukidwa.

"Nambewe," anatero. "Mwabwera. Aphunzitsi ali kuti ndi buku lawo?"

Ndinamuuza kuti anatisiya zaka zapitazo. Anakhala pansi pomwepo, padothi, miyendo tambalale.

"Ndiye atiuza ndani?"

Sindinamve msanga chimene ankatanthauza. Ndinati ndabwera kuti andionetse pamene pali wanga, tabwera ndi simenti. Iye analoza pansi. Panali timalo tiwiri tosesedwa bwino, tofanana, tokwera pang'ono chabe ngati mizere yakale ya mbatata. Anati tsiku lija iyenso nsalu inali kumaso, sanaone kuti mphasa iti yalowa dzenje liti. Atapezako mphamvu anafunsa amene anakumba, wina anati kum'mawa, wina anati kumadzulo, anali ataika ana ambiri mwezi umenewo, ndipo mphasa zinali chimodzimodzi. Amuna ake anali ku esiteti ya fodya kutali, sanaikepo nawo. Ndiye anadzitonthoza kuti aphunzitsi amalemba zonse, sangalephere kulemba pamene pagona mwana wawo, tsiku lina adzabwera ndi buku. Anthu okumba aja anamwalira mmodzimmodzi. Iye anali akudikira ife, ife tikudalira iye.

"Chaka chilichonse ndimalambula onse awiri," anatero. "Ndikalira apa, ndimasuntha n'kuliranso apa, kuti wanga asati amayi andidumpha."

Ndinayamba kupepesa za tsiku la lole lija, anandidula. Anati zimenezo anakwiya nazo zaka khumi, kenaka mkwiyo unatha wokha ngati sopo. Anandisuntha ndi chigongono kuti ndiyandikire, nandipatsa mbali yanga ya udzu. Tinazula limodzi awirife mpaka anthu anayamba kutuluka.

Simenti sinatsike m'galimoto. Akuluakulu anati chiliza sichimangidwa pongoganizira, ungatsekere mwana wa eni pansi pa dzina la mlendo. Bambo anu anapempha kuti timange chimodzi chachikulu chophimba onse awiri, tilembepo maina awiri. Nachisale anavomera pomwepo. Koma abale ake anati nkhani yotere sagamula munthu mmodzi, ayenera kukhala pansi monga banja, pali za mtanda, pali za mwambo wawo, atiyankha. Sindikuwada, anali ndi chifukwa. Tinabwerera, tinadikira. Dzinja linadutsa.

Mwezi wathawu mayi wa tomato uja anandiimitsa pamsika. Anati Nachisale anamuika masabata atatu apitawo. Uthenga sunandipeze, panalibe amene ankadziwa kuti ndine wake ndani. Ana ake amoyo ali kutali, wina ku Joni, wina ku Kasungu, ndipo onse anabadwa Lekeleni atapita kale. Mwa amene analipo tsiku lija, odziwa kuti pansi pa muwanga paja pali ana, osati mizere yakale, tinali titatsala awiri. Tsopano ndatsala ndekha, ndi mawondo awa, ndipo mawa ndikupita kukakhala m'nyumba ya mpanda kumene sindingatuluke popanda wondigwira dzanja.

Ndiye mverani, Chisomo ndi iwe Takondwa, foniyo uyambe waika pansi. Sindikukupemphani chiliza, chimenecho mwina chidzatheka, mwina ayi. Chaka chilichonse mukakolola, muzifunsa tsiku limene akulambula kumanda kumudzi umene uja. Bambo anu njira akuidziwa. Mukavale zitenje, mukagwade kwa eni ake, mukanene kuti ndinu adzukulu a Nambewe, mkazi wa aphunzitsi akale. Mukalowa, muyang'ane muwanga waukulu wa kudzanja lamanja. Khasu musakagwiritse ntchito pamenepo, mungasalaze kamene katsala, mukazule ndi manja. Musakafunse kuti athu ndi ati, palibe amene akakuyankheni. Mukalambule onse awiri.

Tsopano tchulani maina awo ndimve. Esinala. Winayo? Ayi Takondwa, usayang'ane mkulu wako, ndikufunsa iwe. Lekeleni. Bwereza, mwana wanga, usanong'one, ndimve kuti wasunga.